Phungu wotsitsa misonkho koma wodula chithandizo cha odwala: kodi ndi nkhanza?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo. Akuti anamva phungu wina wa ku America, wa gulu lotchedwa ma conservative, akulonjeza kutsitsa misonkho ya makampani, kuchepetsa mphamvu za mabungwe a anthu apantchito komanso kuthetsa lamulo lothandiza anthu kupeza inshuwalansi ya kuchipatala. Funso lawo ndi lakuti: "Munthu yemweyo akuti amakonda anthu wamba. Zikugwirizana bwanji? Kodi si nkhanza chabe?"

Mayi, zikomo kwambiri. Phunguyo simunamutchule dzina, choncho ndiyankha potsata munthu mmodzi amene anasenza mfundozi kwa zaka 20. Ameneyu ndi Paul Ryan wa chipani cha Republican, wochokera ku Janesville m'chigawo cha Wisconsin. Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1999, anaima ngati wachiwiri kwa Mitt Romney pa chisankho cha pulezidenti cha 2012, ndipo anakhala sipikala kuyambira 2015 mpaka kumayambiriro kwa 2019.

Sindikhulupirira kuti ndi nkhanza. Bambo ake a Ryan anamwalira iye ali ndi zaka 16, ndipo ndalama zimene boma limapereka kwa ana amasiye kudzera mu Social Security anazisunga n'kulipirira maphunziro ake a ku koleji. Thandizo la boma analilawa yekha. Chimene iye ndi anzake amakhulupirira n'chakuti ndalama imagwira bwino ntchito ikakhala m'manja mwa amene waikhetsera thukuta kusiyana ndi ikapita ku boma, ndipo boma likakula kwambiri limakongola mpaka kusenzetsa katundu ana osabadwa. Misonkho, zantchito ndi zaumoyo zonse zimaphukira pa muzu umenewu. Mantha a ngongolewo ali ndi maziko, chifukwa okalamba akuchuluka ndipo Medicare, ndondomeko ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1965 kuti izilipirira chithandizo cha kuchipatala cha anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, imadya ndalama zambiri chaka ndi chaka.

Pa zantchito sindichedwapo. Aphungu oterewa safuna kukweza malipiro otsikitsitsa, amene lamulo la dziko lonse linawasiya pa madola 7.25 pa ola kuyambira 2009. Amati mukawakweza, mabwana aleka kulemba achinyamata osadziwa ntchito. Amakondanso malamulo oletsa kukakamiza wantchito kusonkha ku bungwe la apantchito. Lamulo la Taft-Hartley la 1947 ndi limene linapatsa zigawo ufulu wokhazikitsa zimenezi, ndipo Wisconsin inatero mu 2015 pansi pa bwanamkubwa Scott Walker. Pakamwa zimamveka ngati ufulu. Koma bungwelo limakakamizikabe kuimira onse, osonkha ndi osasonkha omwe, ndiye thumba lake limauma, ndipo pokambirana za malipiro mawu ake amachepa mphamvu.

Pamene ine ndimasiyana nawo kwenikweni ndi pa zaumoyo. Ku America anthu ambiri inshuwalansi amaipezera kuntchito. Lamulo la 2010 limene anthu amangolitcha Obamacare lisanabwere, kampani inkatha kukana munthu wogula yekha inshuwalansi chifukwa chakuti ali kale ndi shuga kapena anadwalapo khansa. Lamulolo linaletsa zimenezo, linalola ana kukhala pa inshuwalansi ya makolo mpaka zaka 26, linapatsa zigawo ndalama zokulitsira Medicaid ya anthu osauka, ndiponso linaika chindapusa kwa osagula inshuwalansi. Chindapusacho n'chimene chinkawawa kwambiri ma conservative: boma lingakakamize bwanji munthu kugula chinthu? Anali ndi mfundo inanso yoona, yakuti kwa ena ogula okha, amene sankalandira thandizo la boma, mitengo inakwera kwambiri.

Komabe taganizani, mayi. Mukauza kampani kuti isakane wodwala, ndiye kuti athanzi ayenera kukhalamo kuti ndalama zawo zithandize odwalawo, apo ayi aliyense azidikira kudwala kaye. Ndipo matenda sagulidwa ngati nsapato. Munthu amene mtima wamugwira usiku alibe nthawi yofananiza mitengo ya zipatala, sangathenso kunena kuti ndibwera mwezi wamawa zikatsika. Mpikisano wa pamsika umene iwo amaudalira umafuna wogula wotha kukana, pamene wodwala sangakane.

Pa 4 Meyi 2017 Ryan anadutsitsa bilu yochotsa mbali zikuluzikulu za Obamacare ndi mavoti 217 kwa 213. Ofesi yowerengera bajeti ya nyumba ya malamulo, CBO, imene siimira chipani chilichonse, inapeza kuti pofika 2026 anthu opanda inshuwalansi akanawonjezeka ndi 23 miliyoni, ndipo Medicaid ikanadulidwa madola oposa 800 biliyoni pa zaka khumi. Nambala imeneyo imandivuta mumtima, chifukwa ambiri mwa anthuwo ndi ogwira ntchito za malipiro ochepa, omwewo amene phungu wanuyo akuti amawakonda. Ku Senate, nyumba ina ya malamulo imene bilu iyeneranso kudutsamo, nkhaniyo inafera m'mazira m'bandakucha wa pa 28 Julaye, pamene John McCain, Susan Collins ndi Lisa Murkowski, onse a Republican, anakana bilu ina yocheperapo ndipo inagwa ndi mavoti 51 kwa 49.

Zimene zinatheka ndi za misonkho. Lamulo limene Donald Trump anasaina pa 22 Disembala 2017 linatsitsa msonkho wa makampani kuchoka pa 35 peresenti kufika pa 21, ndipo wa anthu olemera kwambiri unachoka pa 39.6 kufika pa 37. Ndinene chilungamo: mabanja ambiri apakati nawonso msonkho wawo unatsika, ndipo 35 peresenti ija inalidi pakati pa misonkho yokwera kwambiri m'mayiko olemera, mwakuti ngakhale Barack Obama anafunapo kuitsitsa kufika pa 28. Koma phindu lalikulu linapita kwa eni masheya ndi olandira zambiri. M'lamulo lomwelo anaikamonso ndime yofafaniza chindapusa cha Obamacare chija kuyambira 2019.

Lonjezo linali lakuti makampani akapuma, chuma chikula mpaka msonkho wotayikawo ubwerera wokha. Chigawo cha Kansas chinali chitayesa kale njira imeneyi mu 2012 pansi pa bwanamkubwa Sam Brownback, ndipo ndalama za sukulu ndi misewu zitaperewera, aphungu a chipani chake chomwe anathandiza kubweza misonkhoyo mu 2017. Ku Washington nakonso ndalamazo sizinabwerere zonse. Kutsitsa msonkho kumakoma kuvotera, koma kudula Medicare palibe phungu amafuna kukakufotokoza kwa okalamba a m'dera lake, ndiye mbali yokomayo inachitika, yowawayo inatsala. Kuperewera kwa bajeti ya boma kunali pafupifupi madola 665 biliyoni mu 2017, kunafika pa 779 biliyoni mu 2018, kenako 984 biliyoni mu 2019, chuma chikuyenda bwino ndiponso mliri wa korona usanafike. Ryan, amene anakhala zaka zonse zija akuchenjeza za ngongole, analengeza mu Epulo 2018 kuti saimanso.