Za getsi la m'denga la Sienta poyenda usiku

Achimwene, mwanena kuti mukamayenda usiku pa Sienta yanu kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ana ndi amayi awo amafuna kuti getsi la m'denga likhale chiyakire pomwe inuyo limakuthobwani m'maso, ndipo mwafunsa ngati kuika mababu owala kwambiri a LED kapena zingwe za magetsi zozungulira mkati monse kungathetse mkanganowo. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kuwonjezera kuwala, chifukwa okwera amafuna kuwala kochepa chabe, kokwanira kuona nsapato ya mwana kapena botolo la madzi, ndipo kuwala koteroko kukachokera pansi ndiponso kumbuyo kwanu sikungakusokonezeni.

Chimene chimakuvutani pachiwongolero ndi galasi lakutsogolo. Galasi limabweza gawo la kuwala kulikonse kogwerapo, pafupifupi 8 peresenti, ndipo masana zimenezi sizioneka popeza kunja kumawala koposa mkati. Usiku zinthu zimatembenuka, monga mmene zenera la nyumba limachitira mukayatsa getsi pabalaza: mumadziona nokha pagalasi koma munthu amene waima pakhonde simumuona. Kuwonjezera apo, diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima bwinobwino, pomwe kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa kumalibwezera m'mbuyo. Aliyense amene anadutsapo pa M1 usiku, makamaka pakati pa Dedza ndi Ntcheu, akudziwa kuti wakabaza wopanda getsi, ngolo ya ng'ombe kapena munthu wovala zakuda m'mphepete mwa tala amaoneka mochedwa ngakhale m'galimoto muli mdima. Nanga mukhale ndi chithunzi cha dashibodi ndi nkhope za ana pagalasi, mungamuone nthawi yanji?

Yambani ndi zimene galimoto ili nazo kale. Switchi ya getsi la m'denga ili ndi malo atatu, ON, DOOR ndi OFF, ndipo poyenda iyenera kukhala pa DOOR kuti getsi liziyaka pokhapokha chitseko chikatsegulidwa. Galimoto zambiri za mizere itatu ya mipando zili ndi getsi lina chapakati kapena kumbuyo lokhala ndi switchi yakeyake, ndipo mwana akafuna kufunafuna kanthu, limenelo ndilo loyenera kuyatsa kwa mphindi imodzi, lakutsogolo lili chizimire. Magetsi a pa dashibodi nawonso achepetseni. Pa galimoto zambiri pali kagudumu kapena kabatani pafupi ndi chiwongolero kochitira zimenezi, ndipo anthu ambiri amagulitsa galimoto asanakakhudze n'komwe. Kalilole woonera kumbuyo ali ndi kachitsulo kapena kapulasitiki pansi pake kamene mukakakankha kamachepetsa kuthobwa kwa magetsi a galimoto yobwera m'mbuyo.

Pa mababu m'pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Babu wakale wa m'denga, uja wooneka ngati kachubu kotalika mamilimita 31, amadya mawati 8 kapena 10 ndipo kuwala kwake n'kwachikasu. Wa LED amadya mawati amodzi kapena awiri, zomwe ndi zabwino, koma ambiri ogulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto amalembedwa 6000K, kutanthauza kuwala koyera kopendekera ku buluu. Kuwala kwa mtundu umenewu kumaoneka kwamakono pa nthawi yogula, koma usiku kumabaya m'maso, ndipo kumachedwetsa tulo chifukwa thupi limakutenga ngati kuwala kwa masana, kotero kuti ana amene mumayembekezera kuti agona mukafika pa Lizulu amakhala ali maso mpaka pa Zalewa. Funani wolembedwa 2700K kapena 3000K, kutanthauza kuwala kwachikasu, ndipo asakhale wa timaso tambirimbiri. Posintha, kulungani sikuludiraiva yaphwatalala m'kansalu kuti musakande chivundikiro, dikirani babu wakaleyo azizire chifukwa amaotcha zala, ndipo watsopanoyo akakana kuyaka mutembenuzeni musanakadandaule kwa wogulitsa, popeza ma LED ambiri amayaka pokhapokha akalowetsedwa moyang'ana mbali yoyenera.

Za zingwe za magetsi zija, sindikukuletsani, malinga ziikidwe pansi pa mipando yakutsogolo moyang'ana kumapazi a okhala kumbuyo, zikhale zachikasu kapena zofiirira, zokhala ndi pochepetsera kuwala, osati zothwanima zosinthasintha mitundu zimene zimasandutsa galimoto ya banja kukhala ngati malo ovinira. Chachikulu ndi kalumikizidwe kake. Ine ndinapitapo kwa mnyamata wina wokonza magetsi a galimoto amene anakoka waya kuchokera ku batire mwachindunji, wopanda fyuzi, n'kuumanga ndi tepi pansi pa kapeti, ndipo kabokosi kolamulira magetsiwo kankadya moto ngakhale galimoto ili yozima, mwakuti itakhala masiku angapo osayenda tinachita kuikankha. Muuzeni wokonzayo kuti atenge moto pa waya woyaka pokhapokha kiyi ali pa ACC (pamene wailesi imayaka injini ili yozima) kapena pa ON, ndipo aike fyuzi yaing'ono mukuona.

Batire imatha chimodzimodzi ndi getsi loiwalika pa ON. Babu wa mawati 10 amakoka pafupifupi 0.8 ampeya, ndipo usiku umodzi ndi wokwanira kugwetsa batire yokalamba, ngakhale kuti galimoto zina zatsopano zimazimitsa zokha magetsi a mkati pakapita mphindi 20. Getsi likamathwanima pa msewu wa mabampu switchi ili pa DOOR, kawirikawiri vuto limakhala kabatani ka pa mphuthu ya chitseko kamene kalowa fumbi kapena kamasuka, ndipo zitseko zokoka za Sienta sizichedwa kuchita zimenezi m'misewu yafumbi. Magetsi onse a mkati akazima limodzi ndi wotchi, yang'anani fyuzi yolembedwa DOME, ndipo ikapsa muikepo ya nambala yofanana, osati kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya.

Amayi a ana nawonso muwapemphe kuti achepetse kuwala kwa foni akakhala pampando wakutsogolo, chifukwa foni yowala imaoneka pagalasi la kumanzere penipeni pamene mumayang'anira kalilole wa m'mbali. Getsi lalikulu lija muziliyatsa mukaima, monga pa rodibuloko, kuti apolisi aone amene ali m'galimoto popanda kukuunikani ndi tochi kumaso, kenako mulibwezere pa DOOR musananyamuke.