Kodi mpingo wa mbendera ya utawaleza ndi wa Lutheran weniweni?

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali pa sukulu mumzinda wa Minneapolis ku America, ndipo wayamba kupemphera pa mpingo wina wa Lutheran. Pa chithunzi chimene ananditumizira ndinaona mbendera ya mitundu ya utawaleza pakhomo la tchalitchi, komanso chikwangwani cholembedwa kuti Reconciling in Christ. Iye akuti kumeneko amalandira ngakhale amuna okwatirana okhaokha ndi akazi okwatirana okhaokha. Ineyo ndinabatizidwa ndi kukulira mu Lutheran. Kodi umenewu ndi mpingo wathu womwewu, kapena angobwereka dzina?
Mayi wodandaula

YANKHO: Amayi, dzinalo sanabwereke ayi. Chimene chimapangitsa mpingo kukhala wa Lutheran ndi chiphunzitso chimene chinayamba ndi Martin Luther ku Wittenberg m'chaka cha 1517, chimene chinalembedwa mwadongosolo mu Chivomerezo cha ku Augsburg cha mu 1530. Phata lake ndi lakuti munthu amayesedwa wolungama pamaso pa Mulungu mwa chisomo chokha, kudzera m'chikhulupiriro mwa Khristu, osati chifukwa cha ntchito zake. Mwana wanu akafika Lamulungu m'mawa amapeza ubatizo wa makanda, Mgonero wa Ambuye, Chikhulupiriro cha Atumwi ndi Katekisimu Wamng'ono yemwe uja wa mu 1529 amene inu munaloweza muli mtsikana. Koma dzina limodzi silitanthauza kuti onse a Lutheran amayankha mofanana funso lanuli, ndipo ku America komweko agawanika kwambiri.

Mipingo yambiri yokhala ndi chikwangwani chimene munaonacho ili pansi pa Evangelical Lutheran Church in America, kapena kuti ELCA, mpingo waukulu koposa wa Lutheran m'dzikolo, umene unakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Chicago. Mu Ogasiti 2009, msonkhano wake waukulu, umene unachitikira ku Minneapolis komwe kuli mwana wanuko, unavomereza chikalata chonena za ukwati ndi kugonana ndi mavoti 676, pamene okana anali 338. Chikalatacho chinafunika magawo awiri mwa atatu a mavoti onse, ndipo chinawapeza ndendende, popanda voti ngakhale imodzi yapamwamba. Msonkhano womwewo unalola mipingo kuitana abusa amene ali pa ubale wokhazikika ndi mwamuna mnzawo kapena mkazi mnzawo. Sunakakamize mpingo uliwonse kutero, chifukwa unavomereza poyera kuti akhristu ake, potsata chikumbumtima chomangidwa ndi Malemba, amamva nkhaniyi mosiyana, ena akuti ndi tchimo ndipo ena akuti ubale wotere ungadalitsidwe.

N'chifukwa chake chikwangwanicho chili ndi ntchito. Ndondomeko ya Reconciling in Christ inayamba mu 1983, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe limene tsopano limatchedwa ReconcilingWorks. Mpingo wofuna kulowamo umayamba wakambirana, kawirikawiri kwa miyezi yambiri, kenako umagwirizana pa mawu olembedwa otchula mwachindunji kuti anthu a LGBT, kutanthauza amuna okondana ndi amuna anzawo, akazi okondana ndi akazi anzawo, okonda amuna ndi akazi omwe, ndi amene amadzimva kuti ndi akazi ngakhale anabadwa amuna kapena amuna ngakhale anabadwa akazi, ndi olandiridwa mokwanira m'moyo wa mpingowo. Iwo amati mawu akuti "aliyense ndi wolandiridwa" sakwanira kwa munthu amene anathamangitsidwapo pa tchalitchi china chimene chinalembanso mawu omwewo pakhomo. Amatsamira pa Aefeso 2:8-9 ndi Agalatiya 3:28, pa nkhani ya mdindo wa ku Itiyopiya mu Machitidwe 8, komanso pa mutu 7 wa Chivomerezo cha ku Augsburg, umene umati pa umodzi wa mpingo n'kokwanira kugwirizana pa Uthenga Wabwino ndi pa masakramenti. Mavesi amene amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha iwo amawamva kuti ankanena za nkhanza, chiwerewere ndi kupembedza mafano, osati za anthu awiri olonjezana kukhulupirika moyo wawo wonse.

A Lutheran ena amakana kamvedwe kameneka kwamtuwagalu. Sinodi ya Missouri, imene inayamba mu 1847, ndi Sinodi ya Wisconsin ya mu 1850, zimaphunzitsa kuchokera pa Genesis 2:24, Aroma 1:26-27 ndi 1 Akorinto 6:9-11 kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndiponso kuti chisomo chimakhululukira tchimo koma sichilisandutsa chinthu chabwino. Mipingo mazanamazana inatuluka mu ELCA pambuyo pa voti ija, ndipo ina inapanga North American Lutheran Church mu 2010. Mu 2013 mpingo wa Mekane Yesus wa ku Ethiopia unathetsa ubale wake ndi ELCA pamodzi ndi mpingo wa ku Sweden pa chifukwa chomwechi.

Maganizo anga ndi akuti musathamangire kumuuza mwanayo kuti walowa mpingo wonama, chifukwa mawu amenewo sakhala oona, ndiponso akhoza kutseka kukambirana kumene mukukufuna. Muli ndi ufulu wonse wosagwirizana ndi mpingowo, ndipo a Lutheran ochuluka padziko lapansi ali mbali yanu, koma mnyamata amene ali kutali ndi makolo nadzuka yekha Lamulungu kukafuna guwa la Ambuye ayenera kufunsidwa mofatsa. Mufunseni chimene abusa amalalikira za mtanda ndi kulapa, chimene chinamukokera kumeneko, komanso mmene iye mwini amawamvera mavesi a mbali zonse ziwiri. Ngati angafune kuyerekeza, m'dera la Minneapolis muli matchalitchi a Sinodi ya Missouri ndi ya Wisconsin, kungoti adziwiretu kuti kumeneko mlendo sapita ku Mgonero asanayambe walankhula ndi abusa.