Utomoni patsinde la manachesi: bulugamu alibe mlandu

Funso: Alangizi, ndine mlimi wa ku Thekerani. Nthochi zanga zitatha ndi matenda a chisaka ndinadzala manachesi ndi malalanje 30 omezanitsa. Chaka chino mitengo 8 ikutuluka utomoni m'munsi mwa tsinde, khungwa likung'ambika, masamba akuchita chikasu. Kusamala ndimasamala: chaka ndi chaka ndimaunjika manyowa a ng'ombe patsinde n'kukwezera dothi kuti isagwe ndi mphepo. Ndapopera mankhwala a nsabwe kawiri koma sizikusintha. Anzanga akuti matendawa achokera ku bulugamu wa mnansi wanga, poti nayenso amatuluka utomoni. Kodi ndikamuuze adule?

Yankho: Bambo, musakavutitse amfumu ndi mlandu umenewu, mukagwa nawo. Chikupha mitengo yanu mwachitchula nokha m'funso lanuli. Anakuphunzitsani ndani kukwezera nachesi ngati chimanga? Chimanga chimatulutsa mizu ina mukachikwezera, koma khungwa la nachesi likakwiririka ndi dothi lonyowa limaola. Ndiye pamwamba pake mwaunjikapo ndowe, zosunga chinyezi usana ndi usiku. Ndalama za mankhwala a nsabwezo, kaya ndi K20,000 kaya kuposa apo, mwangotaya, chifukwa nsabwe sizidya tsinde.

Ngakhale mundawo sindinauone, ndikunenetsa kuti awa ndi matenda oola tsinde, obwera ndi kachilombo ka m'dothi kotchedwa Phytophthora. Mbewu zake zimasambira m'madzi. Madzi akadikha patsinde, kapena mvula ikamawazira matope pakhungwa, kamalowa, makamaka pabala la khasu popalira. Mtengo poyesa kudziteteza umatulutsa utomoni wofiirira umene mukuuonawo. Nthawi ya dzinja mvula imautsuka, ndiye mlimi amadzadzidzimuka m'chilimwe zinthu zitafika kale patali. Kuno kwathu mvula ndi yambiri, ikangosiya pabwera chiperoni cha mu June ndi July, tsinde siliuma bwinobwino. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 ndinayendera minda yambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene matope anakwirira matsinde. Amene anafukula msanga mitengo yawo ilipobe. Amene anati dothi labwera ndi chonde, lisiyeni, anayamba kundiitana patapita miyezi ingapo, utomoni uli chuchuchu.

Za bulugamu ndinene mwachidule. Mtengowu unachokera ku Australia, ndipo maesiteti a tiyi amaudzala wambiri kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi. Ukavulala kapena ukavutika ndi chilala umatulutsa utomoni wake wofiira, koma umenewo suuluka n'kukagwira nachesi. Mlandu wake weniweni ndi wolanda madzi ndi kutchinga dzuwa. Ngati uli m'malire penipeni, mizere yoyandikana nawo idzakula monyozoloka, ndipo zimenezo mukhoza kukambirana ngati anansi. Ine sindilola mlimi wanga kudzala zipatso pasanathe mamita 15 kuchokera pa bulugamu.

Tsono mawa m'mawa musatenge khasu. Fukulani ndi manja kapena kamtengo, kuchotsa dothi ndi manyowa onse mpaka muone pamene mizu ikuluikulu ikuyambira. Pamfundo pamene anamezanitsa pakhale pamtunda, masentimita 15 kapena kuposa. Chitani zimenezi kumitengo yonse 30, osati yodwala yokha.

Kenako tengani mpeni wakuthwa mupale khungwa pamene pali utomoni. Mupeza mkati muli mofiirira, monyowa, nthawi zina monunkha chowawasa. Palani mpaka mufike pakhungwa lamoyo, lobiriwira, mupitirireko masentimita awiri mbali zonse. Musakumbe thupi la mtengo, khungwa lokha. Zopalazo musazisiye pansi, tolerani mukatenthe, ndipo mpeni muziutsuka ndi Jik musanapite pamtengo wina.

Pabalapo pakani kopa. Ine mankhwala anga ndi amenewa, Copper oxychloride, yemwe uja alimi a tomato amapopera. Sungunulani ndi madzi pang'ono akhale phalaphala ngati phala la mwana, mupake ndi burashi pabala ndi kuzungulira tsinde lonse kufika m'bondo. Mukapeza copper sulphate ndi laimu, sakanizani nokha: magalamu 100 a chilichonse pa lita imodzi ya madzi. Chilichonse musungunule pachokha m'chidebe chapulasitiki, osati chachitsulo, kenako muphatikize. Ogulitsa mankhwala akuuzani za Ridomil. Amagwira, sindikana, koma ndi wodula, ndipo ndaona alimi akumuthira uku dothi lili chikwirire patsinde, chaka chamawa matenda n'kubwerera. Paketi imodzi ya kopa ikukwanirani mitengo yonse n'kutsalako. Mupakenso mvula yoyamba isanagwe, cha mu October kapena November, chaka chilichonse.

Pa mitengo 8 ija si yonse ichire, ndikuuziranitu. Umene bala lazungulira kupitirira theka la tsinde, zulani ndi mizu yomwe. Musanyengeke mukauona ukuchita maluwa ambirimbiri kapena kubereka tizipatso ting'onoting'ono tothothoka, mtengo wotere uli pafupi kuuma. Dzenje lake lisiyeni pululu liwombedwe dzuwa chilimwe chonse.

Manyowa musasiye kuthira, koma muziwayala mozungulira pamene nthambi zathera, ndi pamene pali timizu todya. Patsinde pazikhala mbee, mlifupi mwa phazi limodzi kapena awiri. Pothirira m'chilimwe madzi asakhudze tsinde, ndipo ngati munda uli pamalo odikha madzi kumbani ngalande. Nthambi zogunda pansi dulani kuti mphepo izidutsa.

Pobwezeretsa mitengo yozulidwayo, dzalani pakamtumbira, mbande ikhale pamlingo womwe inali m'chubu, osaimiza. Mbande zambiri za m'misika amazimezanitsa pa mandimu okhakhala aja, amene amakula msanga koma matendawa sawapirira, ndipo ena amamezanitsa pansi kwambiri. Pitani ku Bvumbwe Research Station kapena mufunse mlangizi wa dera lanu akulozereni nazale yodalirika, ndipo pogula muziyang'ana pamfundo musanapereke ndalama.