Za mbalame zomwe zikutha nsomba padamu lanu lija

Achimwene a ku Mkanda, ndawerenga funso lanu. Mwati munaponya ana a makumba 1,000 mudamu la mamita 20 kwa 10, pokolola mwatulutsa 400 basi, nde mukufunsa ngati zonsezo zadyedwa ndi mbalame komanso ngati kuika tameki mukansomba kungathandize. Tameki ayi chonde, mupha agalu a eni, nkhuku, mwinanso mwana atola mbalame yakufayo nkukaotcha, mlandu wake simungauthe. Muyambe mwawerenga kaye kuti zikudya zingati.

Ine ndili ndi madamu awiri kudambo kuno ku Santhe ndipo ndimapanga chonchi. Tengani kope, kwa sabata imodzi muzikhala chapatali pobisika kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 8, mubwerenso madzulo dzuwa likamapendeka. Muzilemba mtundu wa mbalame, zabwera zingati, komanso kangati mwaiona ikumeza. Osangoti "zimabwera zambiri", ayi, nambala.

Kenako masamu ake ndi osavuta. Mbalame yodya nsomba imafuna chakudya molingana ndi thupi lake. Kakowa wamkulu wotuwa uja, wa miyendo italiitali amaima mmbali ngati mlonda, amalemera pafupifupi kilo ndi hafu ndipo patsiku amameza magalamu 300 kapena kuposerapo. Mphipi zikuluzikulu za pachifuwa poyera zimene zimamira pansi pamadzi zimafika hafu ya kilo patsiku. Kambalame kamawangamawanga kakuda ndi koyera kaja, kamaima mlengalenga kakukupiza mapiko nkudzigwetsa mmadzi chubwi, sikadya ndi magalamu 50 omwe patsiku. Nde muchulukitse, mbalame zingati, magalamu angati, masiku angati.

Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Musawerenge makilo okha, werengani mitu ya nsomba. Ana omwe mwangoponya kumene amakhala magalamu 5 mmodzi, ndiye kuti kakowa mmodzi kuti akhute magalamu 300 ameza tiana 60 tsiku limodzi. Masiku 10 okha ndi 600, nambala yomweyo yomwe yasowa kwa inuyo. Pomwe nsombazo zikafika magalamu 150, kakowa yemweyo ziwiri wakhuta. Nkhondo yonse ili pa mwezi woyamba ndi wachiwiri, nthawi yomwe ife timati nsomba zikadali zing'onozing'ono palibe chokalondera. Komabe masamuwo muwachepetseko pang'ono, mbalame siidya padamu lanu lokha, imapita ku Bua, imatolanso achule ndi mbewa mmadambo.

Ine chaka changa choyamba ndinkadana ndi nantchengwa, tsiku lililonse ili pamatope, ndinkangoti wakuba ndi ameneyu. Nditakhala pansi nkuiyang'anitsitsa ndinaona kuti kwambiri ikutola achule ndi ambululu, omwenso amalimbirana madeya ndi nsomba zanga. Wakuba weniweni anali katumbu, amabwera usiku, ndinadzazindikira nditapeza ndowe zake pamwala zodzaza mamba ndi minga, ndi mutu wa chilunguni atausiya pa udzu. Nde inunso yendani mmbali mwadamu mmamawa mame asanaume. Ng'azi imasiya mzere wa mchira pamatope. Nsomba yomwe yapulumuka kwa kakowa imakhala ndi bala lobooka pamsana. Mukapeza mapazi a munthu ndi udzu wogona pomwe anakokera neti ya udzudzu, ameneyo nde alibe mapiko, mukambirane ndi amfumu. Ena amafanso okha anawo masiku oyamba chifukwa cha kutopa paulendo, makamaka mukawanyamula mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo.

Zoti muchite ulendo uno. Damu likhale lakuya, kofika mita imodzi ndi kupitirira kumunsi, chifukwa kakowa sakonda kusambira, amayenda mmadzi osaya, mukamuchotsera poponda mwamuthetsa. Khomani zikhomo mbali zonse nkukunga tuwaini kudutsa pamwamba padamu, motalikirana ngati hafu ya mita, ina muzungulize mmphepete mofika mubondo. Thirani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi madzi akhale obiriwira, mukaviika mkono mpaka pachigongono chikhatho chisamaoneke bwino, pamenepo mbalame nayonso siiona nsomba, kwinaku nsombazo zikudya. Mitengo youma ndi nsanamira zapafupi chotsani, ndi pomwe timbalame tija timatera nkumasuzumira. Chidole choopsezera chimagwira sabata imodzi, kenako mudzapeza kakowa atatera pamutu pake, pokhapokha muzichisuntha masiku awiri alionse.

Ngati thumba likulola gulani ana okulirapo, a magalamu 15 kapena 20, kapena muwalere kaye mukaneti kotseka pamwamba kwa mwezi musanawamasule. Ndipo mwezi uliwonse muzikoka neti pang'ono nkuyeza, musadikire miyezi 6 kuti mudzadabwe tsiku lokolola. Kope lija mukalidzaza pitani nalo kwa alangizi a za nsomba kuboma kwa Mchinji, kapena mulijambule muponye muno tiwerengere limodzi.