Musadikire kuche, pitani nawo kuchipatala usiku uno

Achemwali, ululu wa amuna anuwo, wa pamwamba pa mchombo wobaya mpaka kumsana ndi kusanza kosalekezako, ine ndi momwe matenda anga otupa kapamba anandiyambira.

Linali Loweruka, titadya nsima ya nkhumba. Pofika 11 koloko usiku ndinali nditagwada pansi, mutu pabedi, chifukwa ndikagona chagada zimakhala ngati munthu akundikhoma msomali. Ndikawerama ndi pomwe ndimapezako mpweya. Ndinasanza mpaka kutuluka zobiriwira zowawa zija, thukuta lozizira thupi lonse, kuitana mwana mawu osatuluka. Mwana wanga wamkulu ndiye anathamanga kukagogoda kwa aneba a galimoto kuno ku Area 25.

Pakachipatala kena kolipira, adokotala ake sanandigwire n'komwe pamimba. Akuti ndi zilonda za m'mimba, kenako n'kundifunsa kuti ndamwa mabotolo angati. Ine mayi wa Chigwirizano! Anandipatsa mankhwala oyera a m'botolo aja, ndalama n'kulandira. Masiku awiri ndinabuula kunyumba, mkodzo n'kuyamba kuchepa. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Ku chipatala chachikulu cha Central ndi komwe anandiyeza magazi, amylase (madzi ogayira chakudya ochokera m'kapamba) atakwera kuposa katatu mlingo wake, sikani n'kuonetsa timiyala m'ndulu. Kamwala kanatseka njira, kapamba n'kutupa, madzi ake ogayira chakudya n'kuyamba kudya kapamba yemweyo. Amati pancreatitis. Mwa anthu 10 odwala matendawa, pafupifupi 8 amachira pakatha sabata ndi madiripu komanso mankhwala opha ululu, koma enawo impso ndi mapapo zimafooka, ndipo ena amamwalira. Ine impso zinayamba kale kuvuta. Ndinagonekedwa masiku 12, ndulu anadzandichotsa pambuyo pake kuti zisabwererenso.

Komano amuna anuwo adokotala akakawafunsa za mowa asakwiye, akanene zoona. Mowa ndi timiyalati ndiye zimayambitsa matendawa kwambiri, ndiye ngati amamwa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, asiyiretu. Mukatchulenso mankhwala onse amene amamwa, chifukwa ena amatupitsa kapamba, mafuta ochuluka m'magazi nawonso. Zitsamba musawapatse. Ngati mayendedwe avuta, ngakhale pachipatala chapafupi pomwepo pitani, koma mukakamire kuti awayeze magazi kapena akulembereni kalata ya ku Central.