Mneni "get" ndi matanthauzo ake

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mawu oti "get" amakusokonezani powerenga Chingerezi, pomwe kusukulu anakuphunzitsani kuti amatanthauza kupeza. Funso lanu ndi labwino, ndipo aphunzitsiwo sananame ayi, kungoti tanthauzo limenelo ndi limodzi mwa ambiri.

Muziyang'ana mawu amene abwera pambuyo pake. Pakabwera dzina la chinthu, ndiye kupeza, kulandira kapena kugula: "I got a letter" ndiye kuti ndalandira kalata. Pakabwera malo, ndi kufika: "we got to Lilongwe at night", tinafika ku Lilongwe usiku.

Pamene ambiri timaphonya ndi pakabwera mawu ofotokoza mmene munthu kapena chinthu chilili. Wina akati "she got tired", palibe chimene mayiyo wapeza, watopa basi. "It is getting dark", kunja kukuda. Apa "get" akusonyeza kusintha, kuti poyamba zinthu sizinali choncho. Ife m'Chichewa sitifuna mawu owonjezera chifukwa aneni athu, monga kutopa, kukwiya ndi kukalamba, amanyamula okha kusinthako. Ine ndimaona kuti mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazo sizikuvutaninso kwambiri.

"I don't get it" ndi sindikumvetsa. Koma "get up", kudzuka, ndi "get off", kutsika minibasi, muziwaloweza ngati mawu apaokha, musamawang'ambe pawiri.

Mukakumana ndi "gotten" musaganize kuti wolembayo walakwitsa. Ndi mmene amanenera ku America, pomwe ku Britain ambiri amati "got".