Kodi guayule angamere kuno ku Mzuzu?

Achimwene, mwafunsa ngati mungadzale guayule kumunda kwanu ku Choma poti mwamva kuti amatulutsa labala, ndipo labala akulimidwa kale ku esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay. Ine ndikuti ndalama yanu musaitaye.

Guayule ndi chitsamba chachifupi, sichipitirira m'chiuno mwa munthu, masamba ake otuwa ngati awazidwa phulusa. Ndi wa banja limodzi ndi mpendadzuwa, chisoso ndi deliya amene amadzaza m'mbali mwa misewu yathuyu. Koma kwawo ndi m'chipululu cha Chihuahua, kumpoto kwa Mexico ndi ku Texas, pa dothi lamiyala losasunga madzi. Tsono taganizani Mzuzu wathu: mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, mvumbi wa mu Epulo, kenako mawawa ndi nkhungu za mu Juni. Pa katondo wonyowa chonchi mizu yake imaola msanga. Mudzangoona tsinde lada m'munsi, masamba afota pamene dothi lili chinyontho, basi wapita.

Mitengo ya ku Vizara ija ndi ina, ya Hevea, yochokera kunkhalango za Amazon ku Brazil, ndipo imakonda kutentha ndi mvula ya ku Nkhata Bay. Ija amangocheka khungwa, utomoni n'kumadonthera m'kakapu. Guayule sadontha. Labala wake ali m'kati mwa khungwa momwemo, ndiye umayenera kudula chitsamba chonse, kuchipera, n'kusefa ndi makina afakitale. Mutakolola, mukagulitsa kwa yani? A ku America anamulima kwambiri ku Salinas, California, kuyambira 1942, Japan italanda minda ya labala ya ku Asia. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anamusiya chifukwa labala wa Hevea komanso wopangidwa m'fakitale anali wotchipa. Pambuyo pake kampani ya matayala ya Bridgestone inadzamuyesanso ku Arizona, komwenso ndi kouma.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi zoti mukufuna kuitanitsa mbewu pa intaneti. Guayule ali ndi m'bale wake, Parthenium hysterophorus, tchire loipa lomwe lawononga msipu ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania. Limayabwitsa khungu, limabanikitsa, ndipo likalowa m'munda kulichotsa ndi ntchito yaikulu. Njere zake n'zazing'ono, simungazisiyanitse ndi maso, ndipo wogulitsa wosadziwika angakutumizireni zilizonse. Mbewu yochokera kunja imafunanso chilolezo cha Unduna wa Zaulimi.

Ngati mtima ukukakamirabe, pitani kaye ku Lunyangwa, malo ofufuzira zaulimi kuno ku Mzuzu, mukacheze ndi akatswiri a zaulimi musanalipire chilichonse, ndipo ngati paketiyo yafika kale, muitenge osaitsegula.